"Timu Yosapuma" Yadya Ndalama za Soya Chaka Chino

Ndayenda m'makalabu angapo a alimi chaka chino kukakamba za kasungidwe ka mbewu, koma chomwe chandisowetsa tulo si anankafumbwe ayi. Ndi baseball, masewero a ku America aja omenya kampira ndi chibonga. Ligi ya ku England ikatseka mu Meyi obetcha athu amasowa pogwira, ndipo nthawi yake ndi yomweyo soya ndi fodya zayamba kulowetsa kangachepe m'thumba. Akatsegula foni, baseball ilipo tsiku ndi tsiku. Ndiye pali kanzeru kena kakufala ngati moto wolusa: fufuzani timu yomwe yasewera masiku ambiri osapuma, mubetche kuti igonja.

Kanzeru kameneka mwakazula ku mpira wamiyendo. Kumeneko n'zoona, wosewera amathamanga makilomita pafupifupi 10, ndipo timu yosewera Lachitatu ndi Loweruka imaoneka kulemera miyendo. Koma mpunga wa kudambo mukaudzala pachulu musadabwe. Mu MLB, ligi yaikulu ya baseball ku America, timu iliyonse imasewera magemu 162, kuyambira kumapeto kwa Malichi kufika kumapeto kwa Seputembala. Gawani nokha pa miyezi isanu ndi umodzi. Kusewera osapuma si tsoka logwera timu imodzi, ndi mmene ligiyo anaikonzera. Ndipo pomwe ndimagwira mutu ndi apa: matimu awiri amakumana okhaokha masiku atatu kapena anayi otsatizana. Timu mukuti yatopa chifukwa inasewera dzuloyo, inasewera ndi yani? Nthawi zambiri ndi yomwe mwaikapo ndalama yanuyo! Yanuyo inagona pamatilesi, inayo pamphasa?

Kutopa kulipo ndithu, koma kumakhala pamkono wa woponya mpira kwa womenya ndi chibonga uja, osati m'miyendo ya timu yonse. Matimu ambiri amakhala ndi oponya oyambitsa gemu asanu osinthana. Amene waponya dzulo amakhala pansi masiku anayi, lero pabwera wina wa mkono wopuma. Timu ikhoza kukhala pa tsiku lake la 12 osapuma koma lero ikutulutsa katswiri wake. Inu mwawerenga masiku pakalendala, dzina la woponya simunaliyang'ane n'komwe.

Bambo wina wa m'kalabu ina anandiitanira pambali msonkhano utatha, natulutsa kope lija tinawagawira kuti azilembamo zolowa ndi zotuluka za kumunda. Tsamba loyamba lokha ndilo linali ndi za soya. Kwinako maina a matimu okhaokha, New York Yankees, Los Angeles Dodgers, ndi timizere towerengera masiku ngati mayi wowerenga mwezi wa sikelo.

"Alangizi, taonani. Iyi yasewera masiku 13 osapuma. Yapambana bwanji?"

"Nanga anzawo osewera nawowo anapuma liti, bambo? Woponya anali ndani?"

Anangoti kakasi. Bamboyu amadzuka 1 koloko usiku, chifukwa gemu yoyamba 7 koloko madzulo ku New York kuno imakhala nthawi imeneyo, ndipo za ku Los Angeles zimayamba cha m'ma 4 tambala akulira. Mayi akunyumba anafika poganiza kuti pali chibwenzi. Akadyedwa, mawa lake amaika ndalama yowirikiza, ati timuyo tsopano ndiye yatoperatu, lero siipulumuka. Pofika Julayi, ndalama ya matumba atatu a feteleza inali itapita, ndipo tomato wa kudimba anafota chifukwa mwini wake m'mawa amakhala ali chigonere.

Zowirikiza ndalamazi n'zomwe zimandikwiyitsa zedi, chifukwa ndi khalidwe lakale lomwe lija la pa njuga za pamsika, langosamukira pafoni. Baseball ilibe timu "yoyenera" kugonja lero. Chicago White Sox mu 2024 inagonja magemu 121, manyazi osaneneka, komabe inapambana 41. Seattle Mariners mu 2001 inapambana 116, koma inagonja 46. Ngati timu yamphamvu chotero inkagwa, ndipo yofooka chotero inkadzuka, timizere ta m'kope tingakuuzeni chiyani za usiku umodzi?

Chinanso, kodi mukuganiza kuti makampani obetchetsawo alibe kalendala? Ndandanda ya magemu imatuluka miyezi yambiri ligi isanayambe. Ulendo wochoka ku New York kupita ku Los Angeles, kusiyana kwa maola atatu, magemu awiri a tsiku limodzi, zonsezo anaziwerengera kale mumtengo womwe mukuuona. Ali ngati vendala wobwera ndi sikelo yake. Mbali zonse ziwiri akaika mtengo wa 1.91, kutanthauza kuti mukabetcha K100 n'kulondola mulandira K191, muyenera kulondola ka 53 pa 100 kuti mungoona kaphindu, ndipo ndi ochepa kwambiri amafikapo kwa nthawi yaitali.

Nthawi yandithera, mvetserani mwachidule. Ndalama ya feteleza ndi mbewu gulirenitu katundu tsiku lomwelo mwagulitsa, kapena ikani ku banki mkhonde komwe simungaitapule usiku. Ngati mwakanika kusiya, patulani kochepa koti kakapita simulira, ndipo mukadyedwa musathamangitse. Musanadine, onani woponya woyambitsa wa mbali zonse, onaninso ngati oponya olowa kumapeto agwiritsidwa ntchito masiku awiri kapena atatu otsatizana, chifukwa amenewo ndiwo amatopadi. Wowakha mpira amene amanjuta gemu yonse uja amapumitsidwa kawirikawiri gemu ya masana ikatsatira ya usiku. Amene mwafika pobisira akunyumba, uzani munthu wamkulu womudalira sabata yomwe ino. Makope aja ndidzawayendera pamsonkhano wotsatira, tsamba ndi tsamba.