Mmene Mungapatukire ku Dedza Kukaona Mnzanu Wodziwana Naye pa Intaneti

Ambiri amene amayenda pa msewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi Blantyre amangoidutsa Dedza, mwina kuima pang'ono kuti agule mbatata ya kachewere, koma ngati muli ndi mnzanu kumeneko amene mwakhala mukucheza naye pa WhatsApp kapena pa Facebook kwa miyezi yambiri osaonana maso ndi maso, ulendo womwewo ungakupatseni mpata wokamuona. Boma la Dedza lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 85 kuchokera ku Lilongwe, choncho munthu wonyamuka m'mamawa amafika dzuwa lisanakwere kwenikweni, n'kukhala ndi maola angapo ocheza asanapitirire ku Ntcheu ndi ku Balaka.

Musananyamuke, tsimikizani kuti munthu amene mukukamuonayo ndi yemweyo amene mumamuganizira. Muimbireni foni ya kanema kuti muonane nkhope, ndipo mumufunse mudzi umene amakhala ndi dzina la mfumu yake, chifukwa munthu weniweni wa kumeneko sachita chibwibwi potchula kwawo. Ngati ayamba kupempha kuti mumutumizire ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba musanakumane, ponena kuti akonzere chakudya kapena alipire kabaza, dekhani ndipo musatumize. Mnzanu woona amakondwera ndi kubwera kwanu ngakhale mutafika ndi kathumba kakang'ono. Uzaninso m'bale wanu mmodzi kumene mukupita, nambala ya mnzanuyo ndi nthawi imene mukuyembekezera kuchokako. Zimenezi ndikuzinena makamaka kwa amayi ndi atsikana, amene ndingawalangize kuti atenge munthu wina wowaperekeza, ngakhale kuti abambonso sayenera kuzinyalanyaza.

Tsiku mugwirizane pasadakhale, poganizira kuti anthu ambiri a ku Dedza ndi alimi. M'nyengo yobzala ndi yopalira m'mawa wonse umathera kumunda, ndipo mlendo wofika modzidzimutsa amaimitsa ntchito ya banja lonse. Loweruka masana kapena Lamlungu anthu atatuluka m'tchalitchi ndi nthawi imene imakomera mabanja ambiri.

Pokumana koyamba sankhani malo a anthu ambiri, masana. Tauni ya Dedza ili chapambali pang'ono pa msewu waukulu, motero wokwera basi afunse kondakitala ngati basiyo ilowe m'tauni kapena itsitsa anthu pamsewu, chifukwa mukatsikira pamsewu mudzafunika kabaza. Pamsika, pa depoti kapena ku Dedza Pottery, kumene amaumba ndi kugulitsa makapu ndi mbale zadothi, ndi malo amene aliyense amawadziwa. Chenjeraninso ndi foni yanu: malire a Mozambique ali pafupi kwambiri, moti kuyambira ku Dedza mpaka cha ku Lizulu ndi ku Biriwiri pali malo amene msewu weniweniwo ndiwo malire, ndipo foni imatha kugwira netiweki ya ku Mozambique mwini wake osadziwa. Ndi bwino kupangana malo ndi ola lenileni musanachoke kunyumba, kuti ngakhale mafoni atakanika mupezanebe.

Tengani juzi. Dedza ili pamalo okwera, pansi pa phiri lotalika mamita oposa 2,000, ndipo mu June ndi July kuzizira kwake kumadabwitsa anthu ochokera ku Salima kapena ku Chikwawa.

Mukacheza pang'ono n'kuona kuti mtima wanu wakhazikika, mnzanuyo adzakuitanirani kunyumba, ndipo apa mpamene pagona ulendo wonse. Pa foni munkacheza anthu awiri, koma pakhomo mukupeza makolo, agogo, alongo ndi ana, amene ena mwa iwo sakumvetsa kuti munthu angakhale bwanji bwenzi la munthu amene sanadyepo naye nsima. Musapite chimanjamanja. Paketi ya shuga, sopo, mafuta ophikira ndi buledi ndi mphatso zimene zimalandiridwa bwino m'nyumba iliyonse, ndipo muzipereke kwa mayi wa pakhomopo ndi manja awiri, osati kwa mnzanu yekhayo. Pofika nenani "Odi", dikirani kuti akuyankheni ndi kukupatsani pokhala, kenako mulole kuti moni ayende mwa dongosolo lake, kuyambira kwa akuluakulu, aliyense payekhapayekha. Dzina lachibwana limene mumaitanirana pa intaneti lisiyeni m'foni momwemo. Pamaso pa makolo ake, mnzanuyo mumutchule ndi ulemu, monga "achimwene" kapena "achemwali", ndipo akuluakuluwo muwatchule "amayi", "abambo" kapena ndi mfunda wawo, monga a Phiri kapena a Nangozo, chifukwa kwa Achewa ndi Angoni a kuno mfunda ndi ulemu waukulu. Akakufunsani kumene munadziwanirana, fotokozani zoona mosabisa, ndipo mutchule kwanu ndi makolo anu kuti nawonso adziwe kuti mwana wawo akucheza ndi munthu wa pamudzi.

Akakupatsani thobwa imwani, ndipo madzi osamba m'manja akabwera musanene kuti mwadya kale panjira, pakuti mwina nkhuku yafa chifukwa cha inu. Pa chifukwa chimenechi musakhute tchipisi pamsewu mutatsala pang'ono kufika. Foni muiike m'thumba nthawi yonse ya chakudya, ndipo musajambule munthu aliyense kapena nyumba yawo musanapemphe, ngakhalenso kuika zithunzizo pa intaneti iwo asanavomere.

Nthawi ikalola, pemphani mnzanuyo akuonetseni dera lake. Ku Chongoni kuli zojambula zakalekale za pamiyala pa malo 127, zimene bungwe la UNESCO linaziika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 2006. Ku Mua, kumene mishoni ya Akatolika inayamba mu 1902, n'kotsikira kutali m'munsi mwa mapiri, ndipo kumafuna tsiku lakelake.

Akuluakulu amati mlendo ndi mame, choncho yambani kutsanzika nthawi ikadalipo, podziwa kuti kutsanzika kwa kumudzi kumatenga nthawi: adzakupatsirani mbatata kapena nyemba, zimene simuyenera kukana, kenako adzakuperekezani mpaka kumsewu. Yesetsani kuchoka isanakwane 3 koloko masana, chifukwa kuchokera ku Dedza kukafika ku Ntcheu msewu uli ndi zitunda ndi makona, madzulo kumagwa chifunga, ndipo njinga zopanda nyale ndi anthu oyenda pansi amachuluka m'mphepete mwa msewu, makamaka pa Lizulu tsiku la msika. Mukafika kumene mukupita, imbani foni kunena kuti mwafika bwino, ndipo mupemphe mnzanuyo kuti apereke foniyo kwa amayi ake kuti muwathokoze ndi pakamwa panu.