Kwa inu amene mukufuna kudzakhala mainjiniya

Ana asukulu amene mukuganiza zokaphunzira uinjiniya, chonde limbikirani masamu panopa, makamaka algebra ndi trigonometry, chifukwa chaka choyamba ku yunivesite calculus (masamu apamwamba) imabwera mwamphamvu ndipo ngati maziko ali ofooka mudzavutika mpaka mu fiziki momwe. Osamangoloweza mafomula ayi, muzimvetsa komwe achokera.

Komanso uinjiniya uli pamitundumitundu, wina ndi wa misewu ndi milatho, wina wa magetsi, wina wa makina, ndiye musanasankhe pezani injiniya amene ali pantchito mumufunse kuti tsiku lake limayenda bwanji, mudzadabwa kumva kuti nthawi yambiri imathera polemba malipoti ndi kuwerengetsa pa kompyuta. Paholide phunziraniko AutoCAD (pulogalamu ya pa kompyuta yojambulira mapulani) ndi Python (chiyankhulo cholembera mapulogalamu a pa kompyuta) pang'ono, zidzakuthandizani posaka internship (malo ophunzirirako ntchito).