Kusintha majeti a kabuleta pa njinga yamoto ya two-stroke

Njinga za Yamaha DT125, DT175, AG100 komanso Suzuki TF125 zayenda kwambiri m'misewu ya fumbi m'dziko muno. Alangizi a zaulimi ndi ogwira ntchito m'mabungwe ndiwo adazidziwitsa kumidzi, ndipo zambiri zitakalamba zidagulitsidwa kwa anthu wamba. Zonsezi ndi za two-stroke, mofanana ndi njinga zamipikisano monga Yamaha YZ250 ndi Kawasaki KX85. Madandaulo a eni ake sasiyana: ikudya mafuta, ikupha mapulagi, ikutsamwa pa mtunda. Mukapita nayo kwa amakaniko ena, mankhwala amene amathamangira ndi kuchepetsa jeti, kachitsulo kabowo ka m'kabuleta kamene kamayeza petulo wopita mu injini. Nthawi zina zimathandizadi. Koma njinga zambiri zimene zanoka zidanoka chifukwa cha mankhwala omwewa, ndipo langizo langa ndi loti jeti izikhudzidwa pomalizira, zina zonse zitakonzedwa.

Chifukwa chake chili m'kapangidwe ka injiniyi. Ya four-stroke ili ndi oilo wake pansi, amene pampu imazunguliza mosayang'ana zimene kabuleta ikuchita. Ya two-stroke ilibe. Petulo, mpweya ndi oilo wa 2T zimadutsira limodzi m'chipinda cha kiranki zisanakwere m'silinda, ndipo petulo yemweyo akamasanduka nthunzi amaziziritsa pisitoni. Petulo akachuluka kuposa mpweya, njinga imafuka, imalemera, pulagi imada. Mwataya ndalama ya pulagi basi. Petulo akachepa, kutentha kumakwera, pisitoni imafufuma n'kumamatira ku silinda, kapena imabooka pamwamba. Apo ndiye mukufunika pisitoni, maringi ndi kukabowetsa silinda, mwinanso chipatala ngati tayala lakumbuyo lagwira muli pa liwiro. Choipa n'chakuti njinga imene petulo waichepera pang'ono imakoma kuyendetsa. Imalira mokweza, imadumpha ukangoigwira moto, mwini wake n'kumayamika makaniko mpaka tsiku limene idzaime yokha panjira.

Choncho musanamasule jeti, yambani ndi sefa ya mpweya. Fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala limatseka siponji ija, mpweya umachepa, njinga n'kumaonetsa zizindikiro zonse za petulo wochuluka. Mukachepetsa jeti sefa ili yotsekeka, tsiku limene mudzaitsuke njinga idzakhala pangozi. Itsukeni, iume, muipake oilo wochepa n'kuifinya. Kenako onani labala lolumikiza kabuleta ndi silinda ngati lang'aluka, chifukwa mpweya wolowera pamng'alu supita ndi petulo. Masilo a kiranki, timalabala totseka mbali ziwiri za chipinda cha kiranki, nawo amanamiza anthu. La mbali ya magineto likatha limayamwa mpweya, ndipo injini imakwera yokha pa aidolo kapena imachedwa kutsika mukasiya moto. La mbali ya kilatchi likatha limayamwa oilo wa giyabokosi, utsi umakhala wambiri ndipo oilo wa giya amatsika popanda kudontha pansi. Palibe jeti imene ingakonze zimenezi. Fuloti iyeneranso kukhala pa muyezo wa m'buku la njingayo, chifukwa petulo akakwera kwambiri m'kabakuli ka pansi, majeti onse amapereka mopitirira. Ekizozi yodzadza mwaye imafooketsa njinga ngati kuti jeti yakula. Pulagi ikhale ya nambala imene kampani idalemba. Pa mapulagi a kampani ya NGK, nambala ikamakwera pulagi imakhala yozizira, kotero BR9ES ndi yozizira kuposa BR8ES, ndipo kuika yotentha kuti isade ndi kubisa matenda.

Zonsezi zikakhala bwino ndipo vuto likadalipo, tsopano tiyang'ane m'kabuleta. Chinthu chimene ambiri sadziwa n'chakuti chimene chimalamula kuti ndi jeti iti ikugwira ntchito ndi mmene mwapotolera chogwirira cha moto, osati liwiro la njinga kapena kulira kwa injini. Kuyambira pa aidolo mpaka mwatsegula gawo limodzi mwa magawo anayi, ntchito ndi ya pailoti jeti pamodzi ndi sikulu ya mpweya. Kuchoka pamenepo mpaka magawo atatu mwa anayi, ndi singano yolendewera pa silaidi, kachitsulo kamene kamakwera m'kabuleta mukapotola moto. Meni jeti imalamula kuchokera pa magawo atatu mpaka kumapeto. Malirewa amalowana pang'ono, koma n'ngokwanira kukuuzani poyambira. Matani kapepala pa chogwirira, mulembe timizere ta kota, theka, makota atatu ndi mapeto. Mukatero mudziwa kuti njinga ikutsamwa pa theka, ndipo simudzavutika ndi meni jeti pomwe vuto lili pa singano. Mlangizi woyenda m'tinjira ta m'minda amathera tsiku lonse pa pailoti ndi singano, meni jeti amaifika mwa apo ndi apo.

Yambani ndi pailoti poti imayesedwa njinga itaima. Injini itenthe kaye, choki chisakhale chokokedwa. Mangani sikulu ya mpweya mpaka ingogunda mopepuka, osaikakamiza chifukwa nsonga yake imaphwanyika, kenako ibwezeni kamodzi ndi theka. Kwezani aidolo pang'ono ndi sikulu ya aidolo. Tsopano zungulizani ya mpweya kota kota, mukudikira masekondi angapo, mpaka mupeze pamene injini ikulira mokwera ndi mosalala. Pa kabuleta za two-stroke, kumasula sikuluyi kumawonjezera mpweya. Ngati malo abwino mwawapeza sikulu isanathe kuzungulira kamodzi, pailoti ndi yaying'ono, ikani yotsatira kukula. Ngati mwadutsa kawiri ndi theka, pailoti yakula. Amene adazolowera njinga za kabaza asamale apa, chifukwa zambiri mwa izo ndi four-stroke ndipo sikulu yake, imene imakhala mbali ya injini, imatsegula petulo. Kumasula kumeneko kumachita zosemphana.

Khutu limathandiza. Petulo akachepa pansi, mukapotola moto mwadzidzidzi injini imachita ngati ikuzima, kuti "booo", isanadzuke. Akachuluka imabwebweta, kuti "bulubulu", utsi uli tolotolo, kenako n'kuyera. Mukakayika, kokani choki pang'ono njinga ikuyenda pamalo povutapo. Ikachita bwino ndiye kuti imafuna petulo, ikaipiraipira ndiye kuti anali wochuluka kale.

Meni jeti ndiyo imafuna ulemu, chifukwa ndi pamene injini imatentha kwambiri. Lamulo lake ndi kuyambira pa yaikulu n'kumatsika, osati kuyambira pa yaying'ono n'kumakwera. Zili ngati mchere wa m'ndiwo mozondoka: kuno wochuluka ndiye amabwezeka, wochepa sabwezeka. Pezani msewu wowongoka wokwera pang'ono, wopanda anthu, mbuzi kapena njinga zakapalasa. Ikani pulagi yatsopano injini itatentha kale, thamangani pa giya yapamwamba moto uli wonse kwa theka la mphindi, ndipo musanabweze moto gwirani kilatchi ndi kuzimitsa injini nthawi imodzi, njinga iime yokha. Mukaisiya pa aidolo ngakhale pang'ono, mtundu wa pulagi usintha ndipo mwayesa pachabe. Masulani pulagi muone dothi loyera lija lozungulira waya wapakati. Lofiirira ndiye bwino. Lakuda ndi lonyowa, tsikani sitepe imodzi. Loyera mbee, kapena lokhala ndi timadontho tonyezimira ta aluminiyamu, imani pomwepo, kwezani jeti masitepe awiri, chifukwa timadonthoto tachokera ku pisitoni. Mukamvanso kulira kwa "ting'iting'i" m'silinda pokwera mtunda, musadikire kuona pulagi, bwezani moto.

Nambala za majeti zimasokoneza ogula. Njinga za DT zimabwera ndi kabuleta za Mikuni, pamene YZ250 ndi njinga zambiri zakale za KTM zili ndi Keihin PWK. Meni jeti za Mikuni za mutu wa makona asanu ndi imodzi zimawerengedwa potengera kuchuluka kwa petulo wodutsa, ndipo pa masaizi akuluakulu zimakwera khumikhumi, monga 230, 240, 250. Za Keihin zimatengera kukula kwa bowo ndipo zimayenda 165, 168, 170. Choncho 170 ya Mikuni si 170 ya Keihin, ndipo mazinga ake ndi osiyana. Majeti otchipa opanda chizindikiro cha kampani amatha kulembedwa nambala imodzi mabowo ali osiyana. Kukulitsa bowo ndi waya kapena singano yosokera n'kuwononga jeti, poti chitsulo chake n'chofewa ndipo nambala yolembedwayo imasanduka bodza kwa aliyense amene adzaigwire pambuyo panu. Jeti yotsekeka itsukidwe ndi mankhwala otsukira kabuleta n'kuipemerera mpweya.

Singano ndiyo yosafuna ndalama. Kumutu kwake kuli timipata, kawirikawiri tisanu, ndipo timawerengedwa kuchokera pamwamba. Kakilipu kakatsikira mpata wam'munsi, singano imakwera ndipo petulo amachuluka. Kakakwera, singano imatsika ndipo petulo amachepa. Sunthani mpata umodzi, yendani, bwererani. Kakilipuko kamauluka kakamachotsedwa ndipo m'fumbi simungakapezenso, choncho chotserani m'kati mwa jumbo. Pa njinga yokalamba, singano ndi kachubu kamene imalowamo zimadyana, bowo limakula, njinga n'kumabwebweta pa theka la moto ngakhale kakilipu kali pamwamba penipeni. Pamenepo gulani zonse ziwiri zatsopano.

Tsopano nkhani imene imatikhudza kwambiri kuno, ya kukwera ndi kutsika kwa malo. Kabuleta siidziwa kuti mpweya wapepuka, imangopereka petulo monga mwa bowo lake. Mpweya umapepuka ndi pafupifupi magawo 10 pa 100 alionse mukakwera mamita 1,000, ndiponso umapepuka ndi gawo limodzi pa 100 kutentha kukakwera ndi madigiri atatu. Nsanje ndi Chikwawa zili pafupi ndi mulingo wa nyanja yamchere, mamita 100 kapena kucheperapo m'malo ambiri. Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 470, Lilongwe ndi Blantyre apitirira pang'ono 1,000, Dedza ali cha m'ma 1,600, ndipo ku Nyika mumadutsa 2,000. Njinga yokhala ndi majeti a kufakitale idzalemera ku Dedza, ndipo kutsika sitepe imodzi kapena ziwiri pa meni jeti kungaithandize. Koma njinga yomweyo, yokonzedwa kuti izikoma ku Dedza, ikatsetsereka pa Thabwa n'kufika ku Chigwa cha Shire ipeza mpweya wolemera kwambiri. Kutentha kwa kuchigwa kumabweza pang'ono chabe. Mukawerengetsa bwino, mpweya wa ku Chikwawa pa madigiri 35 umalemerabe kuposa wa ku Dedza pa madigiri 20 ndi magawo opitirira 10 pa 100. Msewu wa ku Nchalo ndi wowongoka, umakopa munthu kutsegula moto wonse, ndipo apo m'pamene pisitoni imagwira. Chomwecho konzani majeti molingana ndi malo otsika kwambiri ndi nyengo yozizira kwambiri imene mumayendamo. Wa ku Ntcheu amene amatsikira ku Golomoti kapena ku Salima sabata ndi sabata alole njinga ilemereko pang'ono kumtunda. Majeti oikidwa masana a mu Okutobala ayesedwenso m'mawa wa mu Juni.

Mafuta enieniwo amasinthanso nkhani. Petulo wa ku Malawi wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, wochokera ku Ethco ku Dwangwa, ndipo pambuyo pake PressCane ya ku Chikwawa idawonjezera. Ethanol ali ndi okosijeni m'kati mwake. Petulo weniweni amapsa bwino pa magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la mafuta, pomwe ethanol amafuna magawo 9 okha, kotero mafuta osakaniza amafuna jeti yokulirapo pang'ono kuposa imene buku lolembera petulo wosasakaniza likunena. Ichi ndi chifukwa china chosathamangira kuchepetsa jeti. Ethanol amakokanso madzi, ndipo njinga ikakhala miyezi osayenda, pailoti jeti, imene bowo lake ndi laling'ono kwambiri, ndiyo imayamba kutsekeka. Mafuta a m'zigubu ogula m'mbali mwa msewu nthawi ya kusowa kwa petulo athiridwe kudzera pa nsalu yoyera, ndipo musayese majeti ndi mafuta amenewo.

Palinso amene amachotsa pampu ya oilo ya Yamaha yotchedwa Autolube n'kumasakaniza oilo m'thanki. Dziwani kuti oiloyo tsopano akudutsa m'jeti momwemo n'kutenga malo a petulo. Pa 50:1 mumathira mamililita 20 pa lita, pa 40:1 mamililita 25, pa 32:1 pafupifupi 31. Mukawonjezera oilo, utsi umachuluka, munthu n'kuganiza kuti petulo wachuluka, chonsecho wachepa. Sankhani muyezo umodzi, muziyeza ndi sirinji kapena kabotolo kolembedwa, ndipo majeti akonzedwe pa muyezo umenewo. Potsetsereka mtunda wautali ndi njinga yotere, musatseke moto nthawi yonse giya ili m'kati, chifukwa injini ikuzungulira mwamphamvu oilo akulowa wochepa. Gwirani kilatchi n'kupatsa moto apo ndi apo. Pa njinga zina za Suzuki zokhala ndi CCI, pampu imathira oilo mwachindunji pa beringi ya kiranki, ndipo kuichotsa n'kupha beringiyo.

Sinthani chinthu chimodzi pa ulendo umodzi woyesa. Lembani m'kope nambala ya meni jeti, ya pailoti, mpata wa kakilipu, mazungulira a sikulu, malo ndi mwezi. Majeti amene mwachotsa asungeni m'kabotolo pamodzi ndi pulagi yapadera pansi pa mpando, ndipo ngati mwasamutsidwa kuchoka kumapiri kupita kuchigwa kapena kunyanja, bwezeretsani jeti yaikulu musananyamuke.