Singano yatsopano yokha siyokwanira: malangizo kwa ojambulitsa tattoo ndi otemera mphini

Kuno ku Mzuzu, kaya ndi ku Luwinga pafupi ndi yunivesite ya Mzuzu, ku Chibavi, ku Zolozolo kapena ku Mchengautuwa, wachinyamata wofuna tattoo savutika kupeza womujambula. Ena amajambulira m'malo ometera tsitsi, ena m'chipinda chogona, makina ali pabedi. Ofuna kujambulitsa ambiri amafunsa funso limodzi lokha, lakuti singano ndi yatsopano kapena ayi. Funsoli ndi labwino, koma magazi a munthu amene wajambulidwa m'mawa ali ndi njira zina zofikira kwa inu masana, ndipo imodzi mwa njirazo ndi inki.

Kuti chithunzi chisafufutike, singano imayenera kupyola khungu lapamwamba, lomwe limasupuka nthawi zonse, n'kusiya inki mamilimita 1 mpaka 2 mkati, momwe muli timitsempha ta magazi. Makina amabaya kambirimbiri pa sekondi imodzi. Choncho tattoo ndi chilonda, ngakhale ioneke yokongola bwanji. Magazi ndi madzi a m'thupi amatuluka, amakwera pa singano, amalowa m'kachubu kogwirira singano, amapaka magolovesi, kansalu kopukutira, chingwe cha makina ndi botolo lililonse limene wojambula wagwira ntchito ili mkati.

Matenda oyenda m'magazi amene tikuda nawo nkhawa ndi atatu: HIV, hepatitis B ndi hepatitis C. Awiri omalizawa ndi matenda otupa chiwindi. Anthu amaopa HIV, ndipo n'koyenera, koma pa nkhani ya zobaya thupi amene amafala mosavuta ndi hepatitis B. Pakati pa ogwira ntchito m'zipatala amene adzibaya mwangozi ndi singano ya wodwala, pafupifupi 3 mwa 1,000 amatenga HIV, pamene hepatitis B imatha kugwira anthu ofika 30 mwa 100 osabayitsa katemera ngati wodwalayo ali ndi tizilombo tambiri m'magazi. Kachilombo ka hepatitis B kamakhalabe ndi mphamvu m'magazi ouma kwa masiku 7 kapena kuposa apo. Tebulo limene linagwera kadontho ka magazi Lolemba likhoza kupatsira munthu Loweruka, kadonthoko osaoneka n'komwe. Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri amene ali ndi hepatitis B kapena C samva kalikonse kwa zaka. Amadzadziwa mimba itatupa, maso atachita chikasu, chiwindi chitauma kapena chitagwidwa ndi khansa.

Za inki

Wojambula akamaviika singano m'botolo lalikulu la inki, n'kubaya, n'kuviikanso, botolo lonse laipitsidwa. Aliyense wobwera pambuyo pake adzalandirako, ngakhale singano yake atsegule pamaso pake. Njira yoyenera ndi kutsanulira inki m'tizivindikiro ting'onoting'ono tapulasitiki, mtundu uliwonse kake, ntchito isanayambe. Inki yotsala amataya pamodzi ndi kachivindikiro, sabwezera m'botolo. Apa ndi pamene ambiri amagwa, chifukwa inki ndi yodula ndipo kutaya yotsala kumawawa. Inki ikatha ntchito ili pakati, wojambula avule magolovesi, asambe m'manja, atsanulire ina m'kachivindikiro katsopano, ndiyeno avale magolovesi ena.

Chimodzimodzi ndi mafuta opaka pakhungu pojambula. Atengedwe ndi kamtengo koyera n'kuikidwa padera, osati kupisa chala cha golovesi m'chitini chimodzi tsiku lonse. Inki ikafuna kusungunulidwa, pamafunika madzi ophedwa tizilombo ogula ku famase, osati a pampopi, chifukwa a pampopi amatha kulowetsa tizilombo tobweretsa ziphuphu zosapola pamalo ojambulidwapo. Inki ya bolopeni, mwaye wa matayala otentha ndi makala a m'batire si zolowetsa m'thupi la munthu.

Zida ndi malo

Singano ikhale m'paketi yomata, yolembedwa tsiku lothera ntchito, ndipo itsegulidwe inu mukuona. Kachubu kogwirira singano kakhale kapulasitiki kotaya mukatha. Kachubu kachitsulo kamafunika kutsukidwa kaye ndi sopo ndi burashi kuti magazi ouma achoke, kenako kulowa mu autoclave, makina ophera tizilombo ndi nthunzi, pa 121°C kwa mphindi 15 mpaka 30. Wojambula wopanda autoclave agwiritse ntchito zotaya zokhazokha, palibe njira yachidule.

Pali zizolowezi zitatu zimene zimanamiza anthu. Kupukuta singano ndi spiriti sikupha tizilombo tonse, makamaka ngati pali magazi ouma m'timipata ta pakati pa nsonga zake. Kuiwamba pa kandulo kumatenthetsa nsonga yokha n'kusiya mwaye. Kabokosi kowala buluu kamene kamapezeka m'malo ometera n'kosungira zida zotsuka kale, sikalowa m'malo mwa autoclave.

Tebulo, mpando ndi pogonekera mkono zipukutidwe ndi klorini wa 0.5% munthu wina asanakhalepo. Ngati botolo la Jik lalembedwa 3.5%, sakanizani kapu 1 ya Jik ndi makapu 6 a madzi. Pamene pagwera magazi, klorini akhalepo mphindi 10 musanapukute. Msakanizowu upangidwe watsopano tsiku lililonse chifukwa umatha mphamvu, makamaka ukakhala padzuwa. Makina ndi chingwe chake zikulungidwe m'pulasitiki yosintha pa munthu aliyense. Lezala yometera ubweya pamalo ojambulapo nayonso ndi ya munthu mmodzi.

Singano ndi malezala ogwiritsa kale ntchito aponyedwe m'chigubu cholimba chokhala ndi chotsekera, chisadzaze kufika pakamwa, ndipo funsani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu za kokazitentha. M'dzala amasewera ana, ndipo mumadutsa otola mabotolo opanda nsapato.

Mphini

Nkhaniyi si ya achinyamata a m'tauni okha. Kutemera mphini, kaya ndi kwa mutu waching'alang'ala, kwa nyamakazi kapena kwa kutsirika, kumatsegula khungu mofanana. Mabanja ambiri anaphunzira kale kupita ndi lezala yawo kwa asing'anga, ndipo zimenezi n'zoyamikika. Koma lezala imodzi yatsopano ikatema bambo, mayi ndi ana atatu motsatizana, yatsopanoyo inali kwa woyamba yekha. Munthu aliyense akhale ndi yake. Komanso onetsetsani chala chopaka mankhwala. Chikachoka pa mphini zotuluka magazi n'kubwerera m'nsupa kapena m'kabotolo, mankhwala onse asanduka ngati botolo la inki lija. Asing'anga atapire padera mankhwala okwanira munthu mmodzi, avale magolovesi, ndipo otsala atayidwe. Izi zimatetezanso asing'angawo, pakuti chala chokhala ndi kabala chimene chimagwira magazi a anthu ambiri chili pa chiopsezo kuposa wina aliyense.

Ana aang'ono asatemedwe konse. Mwana akatenga hepatitis B ali khanda, pafupifupi 9 mwa 10 amakhala nayo moyo wonse, pamene akuluakulu ambiri thupi lawo limaichotsa lokha. Mwana wotentha thupi kapena wokomoka apite kuchipatala akayezedwe malungo tsiku lomwelo, m'malo momutemera mphini. Phulusa ndi mizu yosinja zolowa m'bala zimathanso kubweretsa kafumbata.

Musanapite kukajambulitsa

Katemera wa hepatitis B analowa m'ndondomeko ya katemera wa ana m'Malawi mu 2002, ndipo amaperekedwa mwana ali ndi masabata 6, 10 ndi 14. Amene anabadwa chaka chimenecho chisanafike sanalandire ku sikelo, ndipo obadwa pambuyo pake aone m'buku lawo la kuchipatala ngati anamaliza. Wamkulu amabayidwa katatu: koyamba, pakatha mwezi 1, ndi pakatha miyezi 6. Funsani ku Mzuzu Central Hospital kapena ku chipatala cha St John's za kuyezetsa ndi komwe katemerayu akupezeka. Wojambula aliyense ayenera kubayitsa asanagwire khungu la munthu. Hepatitis C ilibe katemera, koma imachizika ndi mapiritsi a masabata pafupifupi 12 ikapezeka.

Amayi oyembekezera adikire kaye. Odwala shuga, omwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, ndi amene mabala awo amapola n'kusiya chipsera chotupa chokulirakulira ayambe aonana ndi adokotala. Pakhungu pamene pali zipere, zilonda kapena chithupsa pasajambulidwe. Musapite mutamwa mowa, chifukwa magazi amatuluka ambiri ndipo woledzera saona zimene manja a wojambula akuchita.

Mukajambulitsa

Chotsani chokulungira pakatha maola ochepa monga mwauzidwa, sambani m'manja, tsukani pamalopo ndi madzi oyera ndi sopo wosanunkhira kawiri pa tsiku, ndi kuumitsa ndi kansalu koyera kanu nokha. Nkhanambo musasende, zigwe zokha. Khungu lapamwamba limapola pa masabata 2 mpaka 4, ndipo pa nthawi yonseyi musasambire m'nyanja ku Nkhata Bay kapena m'mitsinje. Kufiira ndi kuwawa pang'ono masiku awiri kapena atatu oyamba si kwachilendo ayi. Koma kutupa kukamakula, pakamatuluka mafinya, mzere wofiira ukamakwera mkono, mwanabele akatuluka m'khwapa kapena thupi likatentha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Musagule makapisozi pamsika n'kuwaza ufa wake pachilonda.

Mukazindikira kuti singano, lezala kapena inki inagwira munthu wina inu musanabwere, musadikire zizindikiro. Tsukani ndi sopo ndi madzi, osafinya, n'kuthamangira ku chipatala cha Mapale kapena ku Mzuzu Central Hospital. Mankhwala a PEP oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo amamwedwa masiku 28 osadumphitsa. Auzeni achipatala kuti mukuopanso hepatitis B, chifukwa katemera woperekedwa msanga, makamaka pa tsiku loyamba, amathandiza. Wojambula amene wadzibaya ndi singano ya kasitomala achitenso zomwezi.

Zotsatira za kuyezetsa magazi pa tsiku loyamba zimangosonyeza mmene munalili musanajambulidwe. Yezetsaninso HIV pakatha miyezi 3, ndi matenda a chiwindi pakatha miyezi 6, ndipo gwiritsani ntchito kondomu nthawi yonse yodikirayi. Mukapita kukapereka magazi ku Malawi Blood Transfusion Service, kapena akabwera kusukulu kwanu, nenani kuti munajambulitsa kapena kutemera ndipo tchulani mwezi wake. Magazi amayezedwa, koma kachilombo kongolowa kumene kamatha kusaoneka, ndipo botolo la magazi anulo likhoza kupita kwa mayi wotaya magazi pobereka kapena mwana wodwala malungo.