Kapimitseni BP musanagwe nayo

Abale anga akuno ku Chipata, chaka chatha amalume anga anagwa ali kudimba akuthirira repu, kamwa kupotoka, dzanja lamanja lili lende. Ena anayamba zoti awalodza, koma kuchipatala anapeza BP (kuthamanga kwa magazi) ili 190/110 ndipo iwo chibadwire anali asanapimitsepo, ati "ine sindidwaladwala". BP yokwera nthawi zambiri siimveka m'thupi, imangowononga mitsempha ndi mtima mwakachetechete mpaka tsiku la sitiroko.

Ndiye yambani ndi kupimitsa, pakiliniki yakwanuko kaya ku Kapata, sizitenga nthawi. Ikamapezeka pa 140/90 kapena kuposa pamasiku osiyana ndiye kuti yakwera. Pemphani akupimeninso shuga, matenda awiriwa amakonda kuyendera limodzi, makamaka ngati mimba yatsogola kapena makolo anu anadwalapo. Akakupatsani mapilisi chonde osasiya poti mwayamba kumva bwino.

Kenako mchere, apa mpamene ambirife timalakwa. A WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amati munthu wamkulu asafike magalamu 5 patsiku, ka tiyisupuni kamodzi basi, ndipo muwerengere wam'kapenta, nsomba zouma, soseji ndi tima cube tija. Kapenta muyambe mwaiviika m'madzi n'kutaya madziwo, ndipo mbale ya mchere isabwere pamphasa, ana asazolowere kuwaza asanalawe n'komwe. Saladi wophikira naye tichepetse, ndiwo zisamachite kusambira. Chibwabwa, bondwe kapena kholowa wotendera nsinjiro, nyemba, nsima ya mgaiwa, zonsezi pa Saturday Market n'zosasowa, pamene vitumbuwa, chipisi ndi zakumwa za shuga tsiku ndi tsiku zimangokunenepetsani.

Fodya timalima tokha inde koma musasute, kaya wogula kaya wa balani, amawononga mitsempha ndi kuundanitsa magazi, ndipo utsiwo ukupwetekanso amene mumagona nawo nyumba imodzi. Kachasu ndi mowa wambiri zimakweza BP. Kale tinkapalasa njinga, lero kaulendo kapafupi takwera njinga yamoto. Yendani ndawala mphindi 30 masiku 5 pasabata.

Amayi, mwana akamva kuwawa pakhosi ndi kutentha thupi mupite naye kukiliniki, zilonda zina zapakhosi zikapanda kuchizidwa zimadzawononga mavavu a mtima. Ndipo wamkulu akamva chifuwa kuthina ngati am'sanjika thumba la chimanga, ululu kutsikira kumkono kapena kunsagwada, thukuta ndi befu, musadikire kuche, pezani galimoto athamangire ku Chipata Central Hospital kapena chipatala chilichonse chapafupi.