Zoyenera kusamala mukayamba kumwa mankhwala a matenda ovutika maganizo

M'zipatala zathu, munthu wovutika maganizo kawirikawiri amapatsidwa amitriptyline kapena fluoxetine. Mankhwalawa amathandiza, koma chondidandaulitsa n'chakuti ambiri amawasiyira panjira.

Choyamba, lezani mtima. Awa si panado. Pamapita masabata 2 mpaka 4, pena 6, musanamve kusintha, pamene zovuta zake zimabwera msanga. Amitriptyline amaumitsa kukamwa, amadzimbitsa komanso amagonetsa tulo, choncho imwani usiku pokagona. Ngati mumayendetsa galimoto kapena kabaza, yambani mwaona mmene mukudzukira m'mawa. Fluoxetine amamwedwa m'mawa chifukwa ena amawasowetsa tulo. Amachititsanso mseru, ndipo ena chilakolako cha m'banja chimachepa. Musachite manyazi, auzeni adokotala.

Chachiwiri, popita kuchipatala tengani buku lanu la kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa: ma ARV, a TB, a BP, ngakhale azitsamba. Tramadol, mankhwala ochepetsa ululu, sagwirizana ndi amitriptyline kapena fluoxetine. Ibuprofen, diclofenac ndi aspirin akaphatikizana ndi fluoxetine angachititse kutuluka magazi m'mimba. Nenaninso ngati muli oyembekezera, mukuyamwitsa, mumagwa khunyu kapena muli ndi vuto la mtima. Mowa usiyeni kaye.

Chachitatu ndiye chachikulu. M'masabata oyambirira, makamaka kwa osakwana zaka 25, maganizo ofuna kudzipha amatha kukula. Uzani m'bale mmodzi amene mumamukhulupirira kuti azikuyang'anirani. Iyeyo ndiye azisunga mapiritsi a amitriptyline pamalo okhoma, kutali ndi ana, n'kumakupatsani a tsikulo okha, chifukwa akamwedwa ambiri nthawi imodzi amasokoneza mtima ndipo amapha. Maganizo oterewa akabwera, kapena mukayamba kusagona usiku wonse koma mphamvu zili tho, kulankhula kosalekeza, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Mukaiwala kumwa, musamwe awiri mawa lake.

Mukayamba kupeza bwino, pitirizani kumwa kwa miyezi ina yosachepera 6. Apa ndi pamene ambiri amati "ndachira", matenda n'kubwereranso. Musadikire kuti kapepala katsale ndi piritsi limodzi, katengeni ena kudakali sabata. Nthawi yosiya ikakwana, adokotala ndi amene adzachepetse mlingo pang'onopang'ono. Kusiya mwadzidzidzi kumabweretsa chizungulire, mutu ndi maloto oopsa.

Mukafuna akatswiri, chipatala cha boma lanu chingakutumizeni ku Zomba Mental Hospital, ndipo kuli zipatala za St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.