Kadzalidwe ka cham'mwamba ndi kapangidwe ka ufa wake

Cham'mwamba, chomwe ena amati moringa, chimakonda malo otentha monga Nsanje, Chikwawa ndi Salima, ndipo chimapirira chilala. Chimene chimadana nacho ndi madzi odikha. Mukadzala kudambo mizu imawola, masamba n'kuchita chikasu.

Kumbani dzenje lakuya masentimita 50, m'lifupi chimodzimodzi, ndipo dothi lapamwamba mulisakanize ndi ndowa imodzi ya manyowa owola bwino. Njere ziviikeni usiku umodzi, kenako mukwirire ziwiri pa phando, masentimita 2 okha. Zimamera pasanathe masabata awiri. Nthambi yokhwima yotalika mita imodzi imaphukanso mukaizika, koma siikhala ndi muzu wakuya, choncho mphepo ndi chiswe zimaivutitsa. Tchingirani ndi minga, chifukwa mbuzi zikangolawa sizisiya.

Ambiri amaphonya pa kudulira. Mtengowu ukasiyidwa umathamangira kumwamba ngati nsungwi, masamba n'kukhala kosafikira. Ukafika m'chiuno, tsinani nsonga. Nthambi zotuluka m'mbali nazo muzitsine zikatalika ngati mkono, kuti mtengo uchite chitsamba.

Thyolani masamba m'mawa mame atauma. Tsukani, pululani kuchotsa timitengo, ndipo muwayale mopyapyala pa mphasa yoyera m'nyumba yopita mphepo. Musawaike padzuwa ngati mfutso, pakuti dzuwa limawononga vitamini A ndipo masamba amatuwa. Muziwatembenuza tsiku lililonse. Pakatha masiku 3 kapena 4, finyani pang'ono m'manja: akamafumbutuka ndiye kuti auma, akamapindika adikireni. Ufa wa masamba osaumitsa umachita nkhungu m'botolo, ndipo wotere ndi wotaya basi. Sinjani mumtondo wouma, sefani, musunge m'botolo lotseka bwino pamalo amdima. Ufa wabwino umakhala wobiriwira kwambiri.

Thirani ufawu kasupuni kakang'ono kamodzi m'mbale ya phala kapena m'ndiwo mutaphula kale pamoto. Yambani ndi theka la kasupuni, chifukwa wosazolowera amatha kutsekula m'mimba. Masamba aawisi amakoma otendera, ongowiritsa mphindi zochepa.

Mizu ndi makungwa musadye, makamaka amayi oyembekezera, pakuti zingathe kuchotsa pakati. Odwala shuga, BP kapena amene ali pa ma ARV asasiye mankhwala akuchipatala chifukwa cha ufawu. Cham'mwamba chimatha kutsitsa shuga m'magazi, ndiye amene akumwa mapiritsi a shuga ayambe afunsa adokotala.